Alamu Anga ku Chipinda Chounikira Mabere

Alamu anga ndi owotcherera zitsulo. Amapanga mageti ndi mabedi mu shedi yawo kuseri kwa malo okwerera mabasi. Anthu amawatcha Achifuwa, chifukwa kuyambira ali mnyamata amanyamula zitsulo zolimbitsa thupi, ndipo malaya samanga mabatani onse. Achemwali anga amati anakopeka ndi chifuwacho, nzeru anachita kuzifufuza ali kale m'banja.

Tsiku lina akusamba anapeza kachotupa kolimba pansi pa nsonga ya bere lakumanzere. Sanauze munthu, mpaka achemwali anadabwa kuti amuna awo ayamba kumanga mabatani kufika m'khosi. Atakakhudza kachotupako, achemwaliwo sanachulutse zonena. Anawasitira malaya, n'kundiitana ine kuti tiwaperekeze kuchipatala tili awiri, kuopa kuti angatithawe panjira.

Kumeneko anatilozera ku chipinda chounikira mabere. Pabenchi panali amayi okhaokha. Alamu anakhala kumapeto kwenikweni, chipewa chili pamaondo.

"Mwaperekeza mayi akunyumba?" anawafunsa mayi wina wachikulire amene anali pafupi nawo.

"Ayi, iwowa ndi amene andiperekeza ine."

"Inu? Muli nalo bere inu?"

"Laling'ono, koma lilipo."

Benchi lonse linafa nalo phwete. Mayi uja anawasendera malo. "Ndiye ndinu mnzathu, khalani bwinobwino," anatero, n'kuyamba kuwafotokozera za m'katimo, poti iye kanali kachiwiri kubwera.

Koyamba alamu analowa okha ku makina ojambula. Makinawo amapanikiza bere pakati pa mbale ziwiri zapulasitiki kuti za m'kati zioneke, koma mtsikana wojambulayo anavutika kupeza choti apanikize. Tinkamva tili panja.

"Bambo, tafewetsani thupi."

"Sindikulimbitsa dala, mwanangu, ndi mmene ndiliri."

Ku sikani anatilola kulowa nawo. Adokotala anawapaka mafuta ozizira n'kuyamba kuyendetsa kachipangizo pachifuwa. Apa m'pamene ndinadziwira kuti alamu sapirira kugirigishidwa. Anaseka mpaka bedi kugwedezeka, adokotala n'kumadikira kuti amalize. Kenaka pa sikirini panaoneka kanthu kozungulira ngati nyemba, ndipo kuseka kwa alamu kunathera pomwepo. Ine pakamwa panandiyabwa.

"Adokotala, ndi wamwamuna kapena wamkazi?"

Achemwali ananditsina, koma iwonso anali akuseka, misozi ili m'maso.

Adokotala anati chithunzi chikuoneka bwino, komabe atengeko pang'ono za m'kati mwa chotupacho ndi singano yopyapyala, zikaunikidwe ku labu. Munthu amene moto wa chitsulo umamuthethekera m'manja tsiku lililonse osaphethira n'komwe anatsinzina kuti gwa, atafinya dzanja la mkazi wake mpaka mphete kuluma chala.

"Mukamayamba mundiuze," anatero alamu.

"Tamaliza kale, bambo. Dzukani."

Masiku odikira zotsatira sanali okoma. Alamu ankadya pang'ono, ndipo geti la kasitomala wina analiwotcherera mahinji mbali yolakwika, chinthu chomwe sanachitepo chiyambire ntchito.

Titabwerera, adokotala sanatizungulitse. Anati si khansa, ndi kachotupa ka mafuta chabe, kosaopsa, ndipo kakadzakula adzangokachotsa. Alamu anafunsa kawiri kuti amvetsetse. Titatuluka pakhonde anawanyamula achemwali m'mwamba, nsapato imodzi n'kugwa, achemwali akuwamenya ndi chikwama m'mutu. Namwino wina anatulukira. "Bambo inu, kuno ndi kuchipatala! Tsitsani mayiwo!"

Popita kunyumba alamu anakana kukwera basi, anati akufuna kuyenda pansi. Tili m'njira anawaimbira foni mayi awo kuti awauze nkhani yabwinoyo, kuiwala kuti yoipayo sanawauze n'komwe. Mayiwo anawakalipira kuyambira pageti la chipatala mpaka kunyumba, alamu akungoti, "Eya amayi, pepani amayi," mano onse ali pamtunda.