Malipiro a Amama Anali Makasu

Ndinasiya sukulu ndili Fomu 2 chifukwa cha fizi, ndipo chomwe chinkandiwawa n'choti kwathu ku Hewe aliyense ankandidziwa ngati mwana wa aphunzitsi. Amama ankaphunzitsa sukulu ya mkaka. Sukuluyo inali kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, momwe ankasungiramo mabenchi othyoka. M'mawa uliwonse ankasesamo, kuyala mikeka, n'kulandira ana omwe sanafike poyamba Sitandade 1. Ankawaimbitsa nyimbo, kuwawerengetsa zitsekerero za mabotolo, kuwapukuta mamina, ndi kuwaphikira phala ufa ukapezeka. Wina akadziipitsira, ankamuchapira okha kabudula. Pakutha pa mwezi sankalandira kanthu. Boma silinkawadziwa. Mpingo unkangowatchula m'mapemphero.

Malipiro awo anali makasu. Sukuluyo inayamba adada atamwalira kale, ndipo makolo anagwirizana kuti popeza amama amatha m'mawa wonse ali ndi ana a eni, nthawi yomwe anzawo ali kumunda, iwo azibwera tsiku limodzi kudzapalira munda wathu, ndi lina kudzabandira. Ife mbali yathu inali kukonza chindongwa, chomwe kumwera amati thobwa. Zaka zoyamba zinkayenda bwino. Anthu ankadzaza munda wonse, akusekana, ndipo dzuwa lisanafike pamutu ntchito inkakhala itatha. Chimanga cha m'munda umenewo n'chomwe chinkatifikitsa chaka china.

Zinthu zinasokonekera ndi njinga. Bungwe lina linaitana amama ku maphunziro ku boma la Rumphi, ndipo anabwerako ndi njinga yakapalasa, chitenje chokhala ndi zilembo, ndi satifiketi yomwe anaipachika pakhoma. Ndalama sanawapatse. Koma anthu anaona njinga yatsopano ikudutsa, mphekesera n'kuyamba: aphunzitsi ayamba kulandira.

Pamjigo mayi wina anandikoka mkono. "Iwe, amama ako akalandira uwauze asatiiwale."

"Alandira chiyani?"

"Ukubisa chiyani? Njinga ija anaitola panjira?"

Ndinamuyankha kuti akaidye njingayo ngati imadyedwa. Amama atamva anandikalipira.

Chaka chimenecho mvula inabwera yambiri, udzu n'kukula mothamanga kuposa chimanga. Mu Januwale ku Hewe anthu amakhala pa fodya. Kuthyola, kusoka, kuyanika m'zigafa, ndipo munthu ukamupatsa moni amayankha maso ali pa tsamba. Tsiku lopalira munda wathu linalengezedwa m'tchalitchi monga mwa nthawi zonse, Loweruka lotsatira. Amama anatapa chimanga m'thumba lomaliza kuti tikonze chindongwa. Ndinawauza kuti tichepetse. Anati n'zochititsa manyazi anthu kugwira ntchito n'kuchoka ndi ludzu. Tinadzaza zidebe zazikulu, n'kuzisenza mpaka pansi pa mtengo wa mango kumutu kwa munda.

Anabwera anthu awiri. Woyamba anali mayi wa mapasa wokhala kutsidya kwa mtsinje, yemwe ana ake onse anadutsa m'manja mwa amama. Wachiwiri anali bambo wina wopanda ngakhale mwana pasukulupo, yemwe anamva za chindongwa. Anapalira mizere yochepa, kumwa makapu angapo, n'kunena kuti msana wamugwira. Amama ankangoyang'ana kunjira, akuti enawo achedwa ndi fodya, afika. Dzuwa linafika pamutu. Mayi wa mapasa anapepesa ngati kuti iye ndiye walakwa, n'kupita. Chindongwa chinasasa, tinapatsa nkhumba za aneba.

Lamulungu mapemphero atatha ndinatsatira wapampando wa komiti ya sukuluyo. Anali mkulu wa mpingo, hedimasitala wopuma ntchito, munthu wodekha yemwe penshoni yake inkabwera mwezi ndi mwezi. Ndinawapeza pakhonde akuvula jekete.

"Monire adada."

"Yewo, mwana wanga. Amama ali bwanji?"

"Ali bwino. Munda ndiye suli bwino. Dzulo anthu sanabwere."

Anagwedeza mutu. "Ndamva. Nyengo ino ndi yovuta, aliyense ali ndi fodya. Komanso anthu akuti a bungwe aja anayamba kuwaganizira amama ako."

"Inu ndinu wapampando, adada. Mukudziwa kuti salandira."

"Ndikudziwa."

"Ndiye bwanji simunanene m'tchalitchi?"

Anati ntchito ya amama ndi yodzipereka, ndipo mphotho ya wodzipereka ili kumwamba. Ndinawafunsa ngati penshoni yawo nayonso imadikira kumwamba. Anaseka pang'ono, osati mokondwa, n'kunena kuti n'zomvetsa chisoni kuti ndinasiya sukulu, pakamwa ngati pamenepa pakanandithandiza. Analonjeza kuti komiti ikumana. Komitiyo inakumana fodya atapita kumsika.

Nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike. Amama anali akusita chitenje chawo cha zilembo chija.

"Iwe, akuluakulu amayankhidwa choncho?"

"Ndinanama?"

"Sindinati unanama. Ndikuti ukawapepese."

"Akapalira munda ndikawapepesa."

Lolemba amama anakwera njinga kupita kwa ana awo, ine n'kutenga khasu. Munda unali waukulu kwa munthu mmodzi. Ndinkapalira kumtunda, kumunsi kukuipiraipira, ndipo ndikatembenuka ndinkapeza kuti pomwe ndinayambira pameranso. Amama ankabwera masana ataweruka, otopa ndi phokoso la ana, n'kupalira mpaka mvula ya madzulo itatithamangitsa. Sizinkakwana.

Tsiku lina masana anatsikira okha kumunsi, cha kudambo. Ndinawaona atayima pakati pa udzu wofika m'mawondo. Chimanga cha kumeneko chinali chitasanduka chachikasu, choonda ngati udzu womwewo. Anazula phesi limodzi, kuyang'ana mizu, n'kuliponya. M'mawa mwake njinga inakhala m'nyumba. Amama anavala chitenje chakale, kutenga khasu la adada, n'kunditsogolera kumunda. Kuyambira pomwe sukuluyo inatsegulidwa, sindinawaonepo atajomba popanda maliro kapena malungo.

Makolo sanadziwe, kapena anadziwa koma analibe kowasiya ana. Anawatumiza monga mwa masiku onse. Anawo atapeza chitseko chotseka anapita kunyumba kwathu, ndipo kwathu wina anawalozera kumunda. Tinangomva timawu m'kanjira, kenako anatulukira atandondozana, ena opanda nsapato, wina atanyamula kapu yake ya phala.

"Madamu, tabwera."

Ndinati ndiwabweze. Amama anati mtsinje wadzaza, sangabwerere okha. Anawakhazika pansi pa mtengo wa mango, kuwayambitsira nyimbo ya masiku a sabata, n'kubwerera ku khasu. Nyimbo ikatha ankayambitsa ina ali chiweramire. Sizinatenge nthawi ana anatopa kukhala. Analowa m'mizere kuti athandize madamu, ndipo mwana wa msinkhu umenewo sasiyanitsa udzu ndi chimanga. Kamtsikana kena kanabwera kakuthamanga, manja odzaza ndi chimanga chabwinobwino cha kumtunda komwe ndinali nditapalira, kakumwetulira kuti akayamikire. Ndinatsala pang'ono kukamenya. Amama analandira chimangacho, n'kunena kuti, "Yewo chomene, wagwira ntchito. Tsopano ukakhale apo uziwerenga mango."

Masana makolo anabwera kudzatenga ana awo kumunda komweko. Anayima m'mphepete, manja akuda ndi utomoni wa fodya, akuyang'ana udzu. Palibe anafunsa chifukwa chomwe sukulu inatsekedwa. Bambo wina anati, "Aphunzitsi, tinkayesa mumalemba aganyu masiku ano." Amama anati, "Ndi njinga, adada?" Anthu anaseka pang'ono, ena anayang'ana pansi.

Ndikanakonda ndikanati mawa lake mudzi wonse unabwera ndi makasu. Kunabwera amayi ochepa, mayi wa mapasa uja ali patsogolo, ndipo anagwira ntchito ndi mtima wonse popanda ngakhale chindongwa. Abambo anati fodya sadikira. Tinapulumutsa kumtunda. Kumunsi kunali kutachedwa, kunabala tizitsononkho topanda maso. Sabata yotsatira amama anabwerera kukachipinda kawo, ndipo ana anawalandira ngati anachoka chaka.

Chimanga chinatithera mvula ina isanagwe. Apa m'pomwe tinayamba ganyu, ine tsiku lonse, amama masana akaweruka. Munda womwe tinapezako ntchito yopanga mizere unali wa mwana wa wapampando uja, bambo wa fodya wambiri yemwe mwana wake wamwamuna anali m'kalasi mwa amama. Tinagwira masiku angapo. Tsiku lomaliza tinapita pakhomo pake kukalandira chimanga. Mwana wakeyo atationa anathamangira m'nyumba akufuula kuti madamu abwera, n'kutuluka akukoka mpando. Amama anali ndi dothi mpaka m'zigongono. Anakhala pampandopo chifukwa mwanayo sakanawasiya, ndipo iye anayima patsogolo pawo n'kuwaimbira nyimbo ya masiku a sabata yonse, osalakwitsa. Bambo ake anali atagwira chidebe, osadziwa koyang'ana. Anathira chimanga mpaka chinasefukira, n'kuwonjezeranso ndi manja.

Panjira ndinati, "Mwaona, amama? Munda wake wakulipirani. Mwana wake ayi."

"Senza bwino chidebecho, ukutaya."

Koma Januwale wotsatira amama anaimirira okha m'tchalitchi nthawi ya zolengeza, munthu yemwe sankalankhula pagulu, n'kunena kuti sukulu ya mkaka ikhala yotseka mpaka atamaliza kupalira ndi kubandira, ndipo amene akufuna itsegulidwe msanga akudziwa komwe kuli munda. Wapampando anatsokomola, koma sanatsutse. Mpaka lero amachita choncho chaka chilichonse. Ena amabwera ndi makasu, ambiri sabwera, ndipo alipo omwe amanenabe kuti njinga inawanyaditsa. Njingayo matayala anatha kalekale, ili kudenga. Amama amapita wapansi.