Bodza la Chinyezi cha Kuphiri

Ntchito yoika timakina totsegula zitseko ndi khadi ndimaidziwa, ndipo mu Zomba muno palibe amene ndimamuopa. Koma pali bodza limodzi limene limandichititsabe manyazi.

Ndinaika timakina tisanu pa loji ina pamwamba pa phiri. Mawaya ndinalumikiza bwinobwino, makhadi a antchito n'kuwalowetsa m'kompyuta. Tsiku loonetsa ntchito, Mayi Matola, oyang'anira lojiyo, anasonkhanitsa antchito onse pakhomo la ofesi yawo. Atayandikiza khadi lawo pa kamakina, kanayaka kagetsi kofiira. Anayesanso, kofiirabe.

Pomwepo ndinakumbukira kuti khadi lawolo ndinaiwala kulilowetsa.

"A Makwinja, chavuta n'chiyani?" anandifunsa, maso onse ali pa ine.

Sindinaphethire n'komwe. "N'chinyezi cha kuphiri kuno, mayi. Lipukuteni pa malaya katatu, kenako muwerenge mpaka teni."

Iwo ali kalikiliki kupukuta ndi kuwerenga mokweza, ine zala zinali pa laputopu, kulowetsa nambala ya khadilo. Atafika pa teni, kagetsi kanabiriwira, chitseko n'kutseguka. Antchito anaomba m'manja, ine n'kuwerama pang'ono ngati munthu woyenera ulemu.

Chaka chatha ndinapitako kukasintha mabatire. Mlonda watsopano, wosandidziwa, anandigwira dzanja ndisanagunditse khadi.

"Ayi achimwene, satero. Pukutani kaye katatu. Anaphunzitsa zimenezi ndi injiniya weniweni."

Mayi Matola anali chilili pambali, akugwedeza mutu kuvomereza. Mpata woulula unali womwewo. Ndinamuthokoza mlondayo chifukwa chondiphunzitsa, n'kukoka nsonga ya malaya anga kuti ndipukute khadilo.