Anamwino Omana Dilipi ya Shuga

Pa Kachulu pali mbiri yoti anamwino athu, a Getrude, ndi omana. Akuti dilipi ya shuga amasungira abale awo a kwa Kuntumanji, koma msodzi akabwera ndi kolera amamupachikira ya mchere. Bodza limenelo. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5, koma maso sanalekeze.

A Getrude ndi mwana wa konkuno. Amayi awo ankayanika matemba. Bambo awo anafera m'bwato pochokera ku zimbowera, tinyumba toyandama panyanja tija, atatsegula m'mimba tsiku limodzi lokha. Mtsikanayo atamaliza maphunziro a unamwino anabwerera kumatope kuno, anzake akuthamangira m'tauni.

Chaka chatha tinatsitsa mlamu wanga Lameki m'bwato masana, ali lende ndi kolera. Maso atalowa m'kati, mawu atathawa, munthu woti akalalata amamveka mpaka ku chilumba cha Chisi. A Getrude anamutsina khungu la pamimba, khungulo n'kungoima osabwerera. Anamugwira pamkono, mtsempha uli zii.

Mkazi wake, mchemwali wanga Leya, anaona matumba a dilipi pashelefu.

"Asisitala, muikeni ya shugayo. Munthu alibe mphamvu uyu. Mchere akadyera kunyumba."

"Mayi, gwirani mkonowu usagwedezeke," anatero a Getrude, akutenga thumba lina la madzi a mchere lomwe amalitcha Ringazi. Anabaya mikono yonse iwiri, n'kutsegula kuti madzi athamange.

"Mukutimana chifukwa ndife asodzi eti?" anatero Leya.

A Getrude anaika zala pamtsempha wa Lameki. Thumba lachitatu lisanathe, Lameki anatsegula maso n'kufunsa ngati ukonde wake tinauvuula. Atayamba kumeza, anamupatsa madzi a Thanzi pang'onopang'ono. Pano akulalatanso, moti masiku ena timadandaula kuti tinafulumira naye.

Ndinamva pambuyo pake kuti dilipi ya shuga yokha sikhalitsa m'mitsempha, ndipo sibwezera mchere umene munthu wataya. Ringazi akasowa amapachika ya mchere wamba, osati ya shuga. Koma Leya anali atayala kale nkhani pamsika.

Tsiku lina ndinakumana ndi a Getrude akugula matemba.

"Asisitala, mwamva kuti mumamana asodzi shuga?"

Sanatembenuke n'komwe.

"Ndimawamanadi. Alamu anu anataya madzi ndi mchere, ndinawabwezera zomwezo. Wofuna shuga akamwe tiyi kwa a Nafisa, bola apiteko ndi miyendo yake."