Chibwibwi Changa Sichinkamveka mu Imelo

Ndili ndi chibwibwi chibadwire. Ku komboni ya George, kumene ndinkachita lendi kachipinda kuseri kwa shopu ya malasha, anthu ankanditenga ngati munthu wonyada. Pa kiyosiki ya madzi ndinkangoika chigubu pamzere osapereka moni. M'minibasi ndinkapitirira potsikira panga, chifukwa liwu linkakanirira pakhosi mpaka kondakitala watseka chitseko.

Kusoka ndinaphunzira pa kasukulu ka tchalitchi ku Matero. Titamaliza, aphunzitsi athu, mayi ochokera ku Kopabeti, kumigodi, anatsegula gulu la imelo la ife tokha amene tinaphunzira limodzi. Ukalemba kamodzi, uthenga unkafika kwa onse, ndipo wakunja sankauona.

M'gulu limenelo ndi mmene ndinayambira kulankhula. Ndinkalemba pa kafoni kosweka galasi, masana ndikapumula pa makina, popanda wondifulumizitsa kapena wondimalizira mawu. Ndinalemba za zipi zovuta, za kumene nsalu ya mkati imapezeka yabwino, za bambo wina wamimba yaikulu amene ankafuna suti yofanana ndi ya abusa ake. Mayi wina wa ku Chawama anayankha kuti, "Ba tela, kansi ndimwe oseketsa so? M'kalasi munali chabe zii!" Ndinaseka ndekha m'chipinda mpaka neba anagogoda khoma.

Amayi anga atamwalira kumudzi, sindinathe kuimbira aliyense. Ndinalemba m'gulumo. Mawa lake anzanga anabwera, nandiperekeza kukakwera basi.

Kenaka wina anati imelo ndi yachikale, tisamukire ku gulu la macheza a pa foni. Onse anavomera. Kumeneko anthu sankalemba, ankajambula mawu. Anayamba kulowetsamo azilamu awo, ogulitsa nsapato, anthu amene sindinawaonepo. Ndikalemba nkhani yanga, inkakwiririka ndi phokoso isanawerengedwe. Mlendo wina anandiuza kuti, "Ba mudala, kambani chabe, vinthu vitali sitiwerenga." Ndinayesa kujambula. Nditamvetsera mawu anga akupunthwa pa moni, ndinafufuta.

Ku imelo tinatsala awiri, ine ndi aphunzitsi. Ankandiyankha Lamlungu akaweruka kutchalitchi, nthawi zina mizere iwiri yokha, nthawi zina kundidzudzula za kolala yokhota pa chithunzi chimene ndinawatumizira. Maso atayamba kuwavuta, mwana wawo wamkazi anabwera kudzawatenga kupita nawo ku Kitwe. Asananyamuke analemba kuti, "Mwana wanga, osaleka kulemba. Bazaniwerengera."

Ndimalembabe, koma mwachidule, podziwa kuti amene akuwawerengera mokweza ndi mwana wawo uja, munthu wosandidziwa. Mvula itagwa yambiri chaka chino, ndinawauza kuti madzi analowa m'chipinda ndipo makina ndinawakweza pa bedi. Yankho silinabwere. Nambala ya mwana wawo ndili nayo, koma kuimba sindinaimbe.