Mayi Esnart Anakana Yesu wa Pulasitiki

Anthu akamakumbukira mayi Esnart masiku ano amati anali mayi wofatsa. Bodza lamkunkhuniza! Mayi uja anali wapakamwa, ndipo ambiri amene akumuyamikira lero ndi omwe ankamuthawa ali moyo. Ndikudziwa chifukwa ine, Phyllis, ndinali m'gulu la othawawo.

Esnart anali mzamba wa kwathu ku Chisenga. Sukulu analekezera Sitandade 2, koma mpaka m'tsinde mwa mapiri a Mafinga panalibe mudzi umene sanabereketsemo mayi. Ankayenda wapansi, mvula kaya dzuwa, nsapato zili kumanja kuopa kuzitha. Mwana wakewake analibe. Wina akamunyoza nazo, iye ankangomuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti, "Iwe ndinakuona usanavale."

Mpingo wathu unali ndi mwambo wake. Pa sewero la m'mawa wa Khirisimasi, modyera ng'ombe muja tinkagonekamo mwana weniweni, amene wabadwa komaliza tsikulo lisanafike. Wodziwa mwanayo anali Esnart, ndipo ndi iye ankalowa naye m'tchalitchi n'kumupereka kwa wosewera Maria. Ankati, "Chiuta sanabwere ngati mphepo, anabwera ndi mchombo. Anayamwa, analira, anamusintha thewera." Abusa ankatha ola lathunthu kufotokoza za Mawu amene anasandulika thupi, koma ife tinkamvetsa bwino khanda likayamba kulira.

Chaka cha 1984 mwana womaliza anali wa Grace. Mwamuna wake, mphunzitsi Dickson, anali atatengedwa pa Landirova ya apolisi mu Okutobala. Ena ankanong'ona za kalata yochokera ku Zambia, koma panalibe wofunsa mokweza. Kuyambira tsiku limenelo Grace anasanduka wosayandikirika. Akafika kuchitsime, ife amayi a bungwe la mpingo la Umanyano, oyendera odwala titavala mabulauzi oyera mbee, tinkakumbukira mwadzidzidzi kuti tasiya ndiwo pamoto. Tsiku lake lobereka kunapita Esnart yekha.

Kutatsala masiku atatu kuti Khirisimasi ifike, a Rodwell, mkulu wa mpingo, anatiitana tonse a m'sewero. Anapisa m'chikwama n'kutulutsa chidole cha pulasitiki chogula ku Tunduma, kumalire a Tanzania, cha tsitsi lachikasu, chotseka maso ukachigoneka.

"Amama, chaka chino tiyeseko zachitukuko," anatero a Rodwell kwa Esnart. "A tcheyamani a chipani adzakhala kutsogolo, apolisi a paboda nawonso abwera. Mwana wa chigawenga sangakhale Yesu."

"Yayi, adada," anayankha Esnart. "Mwana wa masiku asanu waukira boma liti? Ndamusambitsa ine, m'manja mwake mulije kalata."

"Tikuteteza mpingo, amama."

"Yesu amene mukumuimbirayo anabadwa boma likumusaka. Akanabadwira ku Chisenga kuno, mukanamusiya panja n'kuimbira chidole. Ichi chingafere munthu? Chili ndi magazi?"

A Rodwell anangotembenukira kwa ine, poti Maria wa chaka chimenecho ndinali ine, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mwana wanga, ukumbukire kuti amuna ako ndi mesenjala ku boma." Mawu amenewo anandilowa mpaka m'mafupa.

Tsikulo tchalitchi chinadzaza, ena anaimirira m'mawindo. Ine ndinakhala pa kampando kutsogolo, nsalu yabuluu kumutu, chidole chili kale modyera ng'ombe. Abusa a nkhosa atangoyamba kulowa ndi ndodo zawo, kukhomo kunamveka kulira kwa khanda. Anali Esnart, mwana ali m'manja, Grace akumutsatira pang'onopang'ono ngati munthu woponda minga.

Kwaya inasiya nyimbo pakati. Esnart anafika kutsogolo, anatulutsa chidole chija pochigwira mwendo n'kuchiika pamiyendo pa a Rodwell.

"Chiyamwitseni, adada," anatero.

Wina anaseka kumbuyo, koma a tcheyamani atatembenuka, kuseka kunathera pakhosi. Ndiye Esnart anabwera kwa ine n'kutambasula manja. Mwanayo ndinamuona bwinobwino, kankhope kofiira, kakamwa kakusakasaka bere.

"Phyllis, mulandire," anatero. "Mikono yanga yavuka, ndatopa."

Ine ndinapinda manja n'kuyang'ana pansi. Ndikamakumbukira zimenezi mtima umandiwawa, ndipo mkwiyo wanga suyambira kwa a Rodwell ayi. Anthu oposa mazana awiri, obatizidwa, odya mgonero, oloweza mavesi, tinakhala chete ngati tamwa phala lotentha. Tonsefe tinabwera kudzapembedza Mulungu amene anavomera kukhala khanda losowa pogona, ndiye khanda losowa pogona litabweradi, tinaliona ngati ngozi. Chikhristu chanji chimenecho?

Esnart anadikira, koma palibe amene anamulandira mwanayo. Kenaka anatembenuka n'kutuluka, Grace ali pambuyo. A Rodwell anakodola kwaya, nyimbo inayambiranso, ndipo ine ndinanyamula chidole chija n'kumachisisita.

Sabata yotsatira akuluakulu anamuimitsa Esnart kudya mgonero chifukwa chosokoneza mapemphero. Anamuitananso ku ofesi ya chipani, kumene anamukhazika padzuwa tsiku lonse. Grace sanadikire Chaka Chatsopano, anabereka mwana wake kumbuyo n'kudutsa njira za m'phiri kupita kwa abale ake ku Zambia. Sitinamuonenso.

M'tchalitchi Esnart sanapondemonso, koma ntchito yake sanasiye. Ankabereketsa akazi a akuluakulu omwe anamuweruza aja, ndi mkazi wa a tcheyamani yemwe. Ine ndinkamuzemba, ndikamuona panjira ndinkalowera m'chimanga.

Mu Okutobala chaka chotsatira matenda anga a uchembere anayamba masana, amuna anga ali ku boma, chipatala chili kutali. Apongozi anga anathamangira kwa Esnart. Anabwera osanyinyirika, ndipo mwana atayamba kutulukira chokhala, anamutembenuza ndi manja ake omwe aja mpaka anamva kulira. Anamudula mchombo, anamupukuta, anamukulunga m'chitenje. Ine ndinatambasula manja, misozi ili mbwembwembwe.

Esnart sanandipatse msanga. Anandiyang'ana kaye, mwana ali pachifuwa pake.

"Bambo ake a uyu alibe mlandu?" anafunsa. "Ndifunse kaye kwa a Rodwell, kapena uyu umulandira?"