Bowo la Chigayo cha a Gondwe

Bowo lija ndinalikulitsa ndine, ndipo a Gondwe sakudziwa mpaka lero.

Bambowa ali ndi chigayo ku Mhuju. Anabweretsa kushopu kwanga pa Boma chitsulo chokhalamo bering'i kuti ndichipale m'kati pa makina. Mpeni wopalira m'bowo ndinausiya utatuluka kwambiri, ulesi woumanganso bwino. Unayamba kunjenjemera ndi kulira, ine n'kumangopitiriza ngati sindikumva. Poyesa, bering'i inangogweramo yokha, n'kumagwedera.

Ndinasuzumira pakhomo. A Gondwe anali atapita kumsika. Ndinatenga ponchi ndi hamala, n'kugogoda timaenje m'kati mwa bowolo kuti bering'i ioneke yogwira.

"Yewo chomene, adada," anathokoza m'Chitumbuka pobwera, atandigwira dzanja ndi manja awiri.

Chigayo chinafa anthu atangokolola. Amayi akumeneko tsopano akusenza chimanga mtunda wautali. Dzulo a Gondwe anabweranso, chitsulo chili m'thumba, nkhope itagwa.

"Mabering'i a masiku ano ndi achabechabe," anatero.

"Achabechabe zedi," ndinavomera, maso ali pansi.

"Mundikonzerenso inu nomwe, adada. Kwina ndimaopa, angandiwonongere."