Mphuno ya a Chisenga

A Maurice Chisenga anafika ku London mu 2002 potsatira akazi awo, a Rabecca, amene anali atapeza ntchito ya unamwino ku Romford. Kwawo anali munthu womveka: anasankha fodya ku Kanengo zaka khumi ndi chimodzi osasutapo ndudu, ndipo anali mkulu wa mpingo amene mowa sanaulawepo chibadwire. Koma ku Barking, kumene anapeza nyumba ya lendi, mbiri imeneyi inalibe woifunsa. Anakolopa m'maofesi, anatsuka mbale, mpaka anamva kuti sitolo ina ya wisiki ku Greenwich ikufuna wonyamula makatoni.

Mwini sitoloyo, amene anawalemba ntchitoyo, anali mayi wachizungu dzina lake Ivy, wamasiye, wolankhula ngati wailesi. Tsiku lina botolo linagwa pashelefu n'kusweka. A Chisenga akukolopa anangonena mwa iwo okha kuti limeneli likununkhira mphesa zouma ndi fodya wa bale woumitsidwa bwino, pamene linatayika sabata yatha linkamveka ngati bisiketi. Ivy anasiya zimene ankachita, n'kuwakhazika pampando, n'kuwandandalikira matambula asanu kuti anunkhize.

Ndi tsiku limenelo pamene anawafotokozera chinsinsi cha malonda ake. Anati wisiki akangotchezedwa amakhala woyera ngati kachasu, ndipo mtundu ndi kukoma amazitenga mumgolo wa mtengo wa oki mmene amagonamo zaka zambiri. Mgolowo ukakhala kuti kale munali sheri, vinyo wa ku Spain wothiridwa mowa waukali, matabwa amakhala atamwa vinyoyo, ndiye amamubwezera pang'onopang'ono mu wisiki, n'kumudetsa ndi kumupatsa fungo la mphesa zouma ndi mtedza wokazinga. Ukakhala mgolo wa poti, vinyo wa ku Portugal, wisiki amafiirira ndi kutsekemera ngati mabulosi.

A Chisenga anamvetsera mwaulemu, koma mumtima ankaseka. Kwawo mayi wothira thobwa m'chigubu chosatsuka amasekedwa ndi mudzi wonse. Kuno anthu ophunzira ankalemba mabuku otamanda chigubu chosatsukacho.

Chaka chisanathe, makatoni anawasiya. Ivy anawagulira jekete, ndipo Loweruka lililonse masana abambo a mataye ankawazungulira, iwo atalowetsa mphuno m'tambula, maso ali chitsinzire. Sankalawa ngakhale dontho, zimene makasitomala ankaziona ngati luso lapamwamba la ku Africa. Kumpingo wa Amalawi, kumene anali atasankhidwanso kukhala mkulu, ankangoti amagwira ntchito m'sitolo ya zakumwa, ndipo aliyense ankaganiza za sikwashi. A Rabecca ankadziwa, koma anawalamula kuti jeketelo lizigona kuntchito komweko.

Zinaululika mu 2006. Ivy anaitana katswiri wina wa ku Scotland, wolemba mabuku atatu, kuti adzalawitse anthu wisiki. Mkuluyo anakweza tambula, analawa, n'kulankhula kwa mphindi khumi za dzuwa la ku Spain limene ankalimva palilime. Kenaka mwachibwana anafunsa a Chisenga maganizo awo. Iwo ananunkhiza kamodzi, n'kupepesa kaye, n'kunena kuti mgolowo unali wa poti. Atayang'ana mapepala a botololo anapeza kuti n'zoona. Mtolankhani wa nyuzipepala yaulere ya m'deralo analipo, ndipo Lachinayi chithunzi cha a Chisenga chinali m'mabasi onse, tambula ili m'manja, akumwetulira ngati mkwati.

Lamulungu, mapemphero atatha m'holo ya sukulu imene mpingo unkachita lendi, akulu a mpingo anawaitana. Wapampando anali a Reinford Kalitera, osamalira okalamba ku Ilford, munthu wa mawu aakulu popemphera. Anayala nyuzipepala patebulo n'kufunsa ngati nkhopeyo akuidziwa.

A Chisenga anavomera, koma anati mowa sunadutsepo pakhosi pawo. Akuluakuluwo anatsutsana ola lathunthu ngati mphuno imatha kuchimwa payokha. Ena anati chimene chalowa m'mphuno chalowa m'thupi. Mayi wina anafunsa kuti nanga manesi amene amanunkhiza sipiriti tsiku ndi tsiku tiwadulenso? Pofuna kusonyeza kuti ntchito yawo ndi ya nzeru osati uchidakwa, a Chisenga anayamba kulongosola za migolo, n'kunena kuti mgolo wa sheri umatsekemeretsa wisiki.

"Si sheri aliyense," a Kalitera anawadula. "Pali wina wouma amene amangopereka ka mtedza. Wotsekemera kwenikweni ndi wakuda bii uja, wonanda ngati uchi."

Onse anatembenukira kwa a Kalitera. A Kalitera anatsokomola, n'kunena kuti anamva kwa nkhalamba ina imene amaisambitsa. Palibe anafunsanso. Chigamulo chinabwera mofulumira: a Chisenga asagawe mgonero kwa miyezi itatu, ndipo azikhala benchi lakumbuyo.

M'miyezi itatuyo sitolo ya Ivy inaona Amalawi ambiri kuposa kale lonse. Ankabwera mmodzimmodzi, atatsika siteshoni yakutali n'kuyenda wapansi. Wina ankafunira abwana ake mphatso, wina apongozi ku Zomba, wina ankati akufuna mankhwala a chifuwa, ndipo chifuwa chinavuta kwambiri mumpingomo chaka chimenecho. A Chisenga ankawasankhira botolo, kulikulunga m'pepala losaonetsa kanthu, n'kuwatsanzika kuti tionana Lamulungu. Sanatchulepo dzina la munthu, ngakhale kwa a Rabecca. Nthawi itakwana anabwezeretsedwa pa udindo popanda wotsutsa.

Chimene chinawasautsa zenizeni chinabwera m'nyengo yozizira ya 2008. Anadwala chimfine chachikulu, mphuno n'kutsekeratu moti sankamva ngakhale anyezi. Poopa kukhumudwitsa Ivy, anapitabe kuntchito masabata awiri, akumaika mphuno yakufayo m'tambula ndi kutchula mphesa zouma, mtedza, mabulosi, malinga ndi mmene mtundu unkaonekera. Abambo a mataye ankagwedeza mitu, ena n'kumalemba m'timabuku tawo kuti akumvadi zomwezo. Izi zinawalasa mtima a Chisenga kuposa benchi lakumbuyo, pakuti apa ndiye anali atanamadi.

Lolemba lotsatira anakaulula kwa Ivy, chipewa chili m'manja, okonzeka kuchotsedwa ntchito. Mayiyo anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Maurice, ine mphuno yanga inafa mwamuna wanga asanamwalire," anatero. "Ukuganiza jekete lija ndinakuguliranji?"

A Chisenga sanaseke nawo. Anapempha tchuthi, n'kukhala kunyumba masiku asanu ndi anayi akumwa madzi a mandimu ndi jinja amene a Rabecca ankawawiritsira asanapite kuchipatala. Anabwerera kusitolo m'mawa umene anamvanso fungo la tositi ikupserera kunyumba yoyandikana nayo.